Honda CB500X ndi Honda CB500F: Ndi Iti Yoyenera Kuyendera Tsiku ndi Tsiku?

Munthu amene wakhala akuyenda pa njinga yamoto yaing'ono ya 125cc kapena 150cc, akaganiza zogula yaikulu amakumana ndi funso limene limagawa okwera njinga pawiri. Kodi atenge njinga ya adventure, yaitali komanso yokhala ndi galasi lotchinga mphepo, yomwe anaipanga poganizira maulendo ataliatali m'misewu yosiyanasiyana, kapena atenge roadster, yofupikirapo ndi yopanda zotchinga, yomwe kwawo kwenikweni ndi pamsewu wa phula? Ambiri amayankha funsoli pongoona maonekedwe, kapena poganizira ulendo wa ku Karonga umene mwina adzauyenda kamodzi pa chaka, chonsecho ntchito yeniyeni ya njingayo idzakhala kuwatengera kuntchito m'mawa, kuwapititsa kumsika ndi kutchalitchi, ndi kuwabweza kunyumba madzulo mvula ikugwa kapena dzuwa likuswa mtengo. Ndikuyerekeza njinga ziwirizi pa ntchito ya tsiku ndi tsiku imeneyo, monga ndaziyendetsera mumzinda wa Blantyre ndi m'misewu yotuluka mumzindawu.

Ndasankha Honda CB500X ndi Honda CB500F chifukwa ziwirizi ndi zapachibale zenizeni. Zinatuluka pamodzi m'chaka cha 2013, zimapangidwa ku Thailand, ndipo zili ndi injini imodzimodzi ya 471cc, ya masilinda awiri, yoziziritsidwa ndi madzi, yotulutsa mphamvu ya 47 horsepower kudzera m'magiya 6 ndi tcheni. Izi zikutanthauza kuti kusiyana kulikonse kumene wokwera akumva pakati pa ziwirizi sikuchokera mu injini, koma mu kutalika kwa njinga, kukula kwa tayala la kutsogolo, ma shock ndi kakhalidwe ka munthu pachishalo, ndipo zimenezo ndi zomwe zimasiyanitsa adventure ndi roadster kulikonse. Manambala amene nditchule ndi a njinga zopangidwa kuyambira 2019 mpaka 2021.

Za injini sindichulutsa mawu, pakuti palibe choilekanitsa. Ndi yofatsa, imakoka bwino ngakhale pa liwiro lochepa, sichita phuma munthu akapotoza mafuta mosasamala, ndipo kilatchi yake ndi yofewa moti dzanja silitopa pamene magalimoto athithikana. Wochokera pa njinga yaing'ono sadzachita nayo mantha, komanso sadzaiona yoperewera mphamvu podutsa lole yaitali pamsewu wa ku Zalewa.

Nkhani yoyamba yaikulu ndi kutalika kwa chishalo, ndipo ndikupempha kuti musaipeputse. Chishalo cha CB500X chili mamilimita 830 kuchokera pansi, pomwe cha CB500F chili pafupifupi mamilimita 790. Papepala masentimita anayi amaoneka ngati kanthu kochepa, koma njinga siimira papepala. Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo malo ambiri amene munthu amaimapo ndi opendekeka: pamaloboti a pachitunda, pageti la kuntchito pomwe pali ngalande, kapena m'mphepete mwa msewu pomwe phula linanyenyeka n'kusiya dothi lotsika kuposa msewu. Mukaima pamalo otere n'kutsitsa mwendo wakumanzere, phazi limapita kukafuna nthaka pomwe munazolowera kuipeza, ndipo silimaipeza. Limatsikabe pang'ono, njinga n'kuyamba kupendekera komweko, ndipo pamene chala chaphazi chikugunda pansi, makilogalamu 197 a CB500X amakhala atayamba kale kulemera pa ntchafu imodzi. Munthu wamtali amangolimbitsa mwendo n'kuiwongola. Munthu wamfupi, makamaka ngati wanyamula wina kumbuyo, apa ndi pomwe amagwetsa njinga ili chiimire, pamaso pa anthu. Pa CB500F, yomwe imalemera makilogalamu 189, anthu ambiri a msinkhu wapakati amaponda pansi ndi mapazi onse awiri bwinobwino, ndipo mtendere wa mumtima umene zimenezi zimapereka kwa munthu amene amaima kambirimbiri pa ulendo umodzi wa m'tauni ndi waukulu kuposa mmene ogulitsa njinga amanenera. Ngati mutakwera CB500X mukungofika pansi ndi nsonga za zala za mbali zonse ziwiri, ndinganene mosabisa kuti zabwino zonse zomwe nditchule m'munsimu sizingakulipireni vuto limeneli.

Koma kwa amene mwendo wake ukufika, zinthu zimatembenuka njinga ikangoyamba kuyenda, ndipo chimene chimazitembenuza ndi tayala la kutsogolo. CB500F ili ndi tayala la mainchi 17, pomwe CB500X kuyambira 2019 ili ndi la mainchi 19. Tayala lalikulu likalowa m'dzenje sililowa mozama ngati laling'ono, ndipo likafika pa mlomo wa dzenjelo limaukwera m'malo mougunda. Kuwonjezera apo, ma shock a kutsogolo a CB500X amatha kutsika mamilimita 150 ndipo tayala la kumbuyo limasuntha mamilimita 135, zomwe ndi zoposa za roadster, komanso mimba ya njingayi ili mamilimita 180 kuchokera pansi poyerekeza ndi 145 a CB500F. Manambala amenewa ndi omwe munthu amawamva m'mikono ndi m'chiuno.

Taganizirani msewu wa m'dera lokhala anthu m'mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse. Maenje adzaza madzi ofiira moti simungadziwe kuti lakuya ndi liti, kutsogolo kukubwera minibasi imene yatenga mbali yanu pozemba maenje a mbali yake, ndipo kumanzere kuli ana a sukulu akuyenda m'mphepete. Palibe kozembera, dzenjelo muyenera kulilowa basi. Pa CB500F mumamva kugunda kouma kumene kumadutsa m'mahandulo mpaka m'mapewa, ndipo mtima umapita ku limu, chifukwa limu lopindika limatulutsa mpweya m'tayala lopanda chubu ndipo kuliwongola n'kovuta. Pa CB500X mumangodzuka pang'ono pachishalo, kulemera kwanu n'kupita pa zopondera, njinga n'kulowa ndi kutuluka m'dzenjemo ikugwedezeka koma osasiya mzere wake. Chimodzimodzinso pa mahampu a pamalo a malonda monga Lunzu, pamiyala imene madzi amakokolera pamsewu kuchokera m'mapiri, ndi pomwe phula lathera mwadzidzidzi chifukwa anthu anakumba kuti adutsitse paipi. Zinthu zimenezi si za ulendo wapadera. Ndi za Lolemba lililonse. N'chifukwa chake ndimaona kuti amene amati njinga ya adventure ndi yongodzionetsera kwa munthu wa m'tauni amalankhula za matauni a maiko ena, kumene msewu umakhala wosalala kuchokera pakhomo mpaka ku ofesi. Kwathu kuno anthu ochuluka, ngakhale okhala m'madera abwino, amasiya phula n'kuyenda kamtunda ndithu pamsewu wafumbi asanafike pageti lawo, ndipo kamtunda kameneko kamayendedwa kawiri pa tsiku, chaka chonse.

Pakati pa mzinda, pomwe msewu uli bwino koma magalimoto athinana, roadster imabweza. CB500F ndi yofupika, mtunda wa pakati pa matayala ake ndi mamilimita 1,410 pomwe wa CB500X ndi 1,445, ndipo kulemera kwake kuli m'munsi. Imakhota msanga mukangoiganizira, imalowa pampata wochepa, ndipo kuikankha chobwerera m'mbuyo pamalo oimika njinga n'kosavuta. Nthawi ya m'mawa pa Masauko Chipembere Highway, cha ku Ginnery Corner, mahandulo otambalala a CB500X amafika pa msinkhu wa magalasi a m'mbali a maminibasi ndi magalimoto ataliatali, kotero pali mipata imene roadster imadutsa koma adventure imayenera kudikira. Komabe kukhala pamwamba kuli ndi phindu lake limene ine ndimaliwerengera kwambiri: mumaona kupyola denga la galimoto yaing'ono imene ili patsogolo panu, ndiye mumadziwiratu kuti minibasi yachitatu kutsogoloko yaima mwadzidzidzi kuti itenge munthu, kapena kuti wakabaza akutuluka pakati pa magalimoto osayang'ana. Oyendetsa galimoto nawonso amaiona msanga njinga yaitali. Pa nkhani ya chitetezo m'tauni, kuona patali ndimakuika patsogolo pa kufulumira kukhota.

Mukatuluka mumzinda n'kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola, mphepo imakhala nkhani. Pa roadster chifuwa chonse chimalandira mphepo, khosi limalimbana ndi chipewa, ndipo pofika ku Zomba, mtunda wa makilomita osapitirira 70, munthu amakhala atayamba kumva mapewa. CB500X imachotsa mphepo pachifuwa, ndipo m'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta Thyolo ndi Blantyre, galasi lija ndi zotchinga za m'mbali mwa thanki zimachepetsa kuzizira ndi kunyowa mooneka. Galasili lili ndi vuto lake: kwa anthu ena, malinga ndi kutalika kwawo, mphepo yochoka pamwamba pake imagunda chipewa chenicheni n'kumachititsa phokoso lotopetsa m'makutu. Likhoza kukwezedwa kapena kutsitsidwa pomasula mabawuti, ndipo ndi bwino kuyesa malo onse awiri musanaganize zogula lina. Kumbali ina, m'mwezi wa October mukatsikira ku Chikwawa, mphepo yomwe roadster imalola kuti ikuwombeni imasanduka dalitso.

Ndiyeneranso kuichitira chilungamo CB500F pa chinthu chimodzi chimene manambala sanena. Pamsewu wokhotakhota wa phula labwino, monga potsika Thabwa, pokwera ku Ku Chawe kapena pa mapiri a pakati pa Golomoti ndi Dedza, roadster imakoma kuyendetsa kuposa mbale wake. Tayala lake la kutsogolo ndi lotambalala, ma shock ndi olimbirapo, njinga simira kwambiri kutsogolo mukagwira mabuleki, ndipo mumamva bwino chimene tayala likuchita pa phula. CB500X imakhota bwino ndithu, koma imafuna kuiuza kawiri. Munthu amene amagula njinga chifukwa chokonda kuyendetsa, osati chifukwa chongofuna kufika, chisangalalo chimenechi si chinthu chochitaya mopepuka.

Tsopano pa msewu wafumbi weniweni, apa pafunika kunena zoona chifukwa dzina loti adventure limanyenga anthu. CB500X ili ngati munthu wokulira m'tauni amene amadziwa kugwira khasu: dimba akhoza kulima, koma musamupatse munda wonse wa chimanga. Pamsewu wafumbi wouma ndi wosalazidwa imayenda mokhazikika, ndipo pa mabampu ang'onoang'ono otsatizana imasunga mzere bwino kuposa roadster, imene kutsogolo kwake kumanjenjemera. Koma malimu ake ndi oumba, si a masipoko, kotero salola kumenyetsedwa pamiyala mobwerezabwereza. Pansi pa injini palibe chitsulo chotchinga pokhapokha mutagula padera, ndipo mapaipi a ekizozi ndi sefa ya oyilo zili poyera pomwe mwala wochoka ku tayala ungazipeze. Mabuleki a ABS, amene amaletsa matayala kumangika mukagwira mabuleki mwamphamvu ndipo ndi mpulumutsi pa phula lonyowa, alibe batani lowazimitsira, ndipo potsetsereka pa miyala yosagwirana amachititsa njinga kutenga mtunda wautali isanaime. Mu mchenga wakuya wa kunyanja kapena m'matope oterera a dothi lofiira, njinga yolemera pafupifupi makilogalamu 200 imasanduka katundu wovuta, ndipo ikagwa munthu mmodzi amaidzutsa movutika. Pali chifukwa chomveka chimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akuyendera njinga zopepuka monga Yamaha AG200 m'midzi. Ngati ntchito yanu ndi ya kumudzi nthawi ya dzinja, pa ziwiri zimene tikukambiranazi palibe yoyenera. Ndionjezere kuti pa fumbi mtundu wa tayala umathandiza kwambiri, ndipo tayala la mainchi 19 lili ndi mwayi woti matayala a mano okuya opangidwira phula ndi fumbi omwe amapezeka ambiri pa saizi imeneyi kusiyana ndi pa 17.

Kunyamula munthu ndi katundu, CB500X ili patsogolo mosakayikitsa. Chishalo chake ndi chachitali ndi chotambalala, wokwera kumbuyo ali ndi zogwirira zooneka ndipo mawondo ake sapindika kwambiri, komanso kuika kaliyala ndi bokosi la kumbuyo n'kosavuta. Kumbuyo kwa CB500F ndi kwakung'ono ndi kokwezeka. Kumakwanira ulendo wochoka ku Limbe kupita ku Blantyre, koma mayi a kunyumba sadzakuthokozani mukawatengera ku Mulanje atakhala pamenepo. Chokhacho n'chakuti wokwera kumbuyo amavutika kukwera njinga yaitali, makamaka atavala chitenje kapena siketi, ndipo nthawi imene iye akuponda chopondera n'kudzikweza ndi imene woyendetsa amafunika mapazi okhazikika pansi.

Pa mafuta anthu amayembekezera kusiyana kwakukulu, koma palibe. Thanki ya CB500X imalowa malita 17.7 ndipo ya CB500F imalowa 17.1. Kampani imati njingazi zimayenda makilomita pakati pa 27 ndi 29 pa lita imodzi, ndipo ngakhale mutachotsapo chifukwa cha zitunda, katundu ndi dzanja lolemera, thanki imodzi imapitirira makilomita 400. Ulendo wa ku Lilongwe, womwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300, zonse ziwiri zimaumaliza osamwetsa panjira. M'zaka zino zimene mizere ya pamalo omwetsera mafuta yakhala ikubwerabwera, chimenechi ndi chitonthozo, koma si chifukwa chosankhira imodzi n'kusiya inzake.

Kasamalidwe nakonso n'kofanana. Buku la njinga limati oyilo asinthidwe pa makilomita 12,000 aliwonse, koma ndi fumbi la mwezi wa September ndi maulendo afupiafupi a m'tauni ine ndimasintha nthawiyo isanakwane, ndipo sefa ya mpweya ndi tcheni ndimaziyang'ana kawirikawiri. Njingazi zilibe kabuleta, mafuta amalowa mu injini moyendetsedwa ndi kompyuta, choncho makaniko amene anazolowera njinga za kabaza sangathe kukonza vuto lililonse, ndipo ndi nzeru kupeza mmisiri wodziwa njinga zazikulu musanagule, osati njinga itafa kale. Tayala la kumbuyo ndi saizi imodzi pa zonse ziwiri, 160/60-17, pomwe kutsogolo CB500X imavala 110/80-19 ndipo CB500F imavala 120/70-17. Masaizi amenewa sapezeka m'mashopu ogulitsa zipangizo za kabaza, ndipo nthawi zambiri munthu amaitanitsa kuchokera ku South Africa, zomwe zinakwera mtengo kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Pomwe adventure imadya ndalama zambiri ndi pamene yagwa, chifukwa mapulasitiki a kutsogolo ndi galasi zimasweka ndipo n'zodula, kotero zitsulo zotchinjiriza m'mbali ndi zotchinga manja ndi zinthu zoyamba kugula. Mtengo wogulira nawo umakhala wokwererapo kuposa wa roadster ya chaka chomwecho.

Nditayika zonsezi pamodzi, ine ndimasankha CB500X, ndipo chifukwa changa si maulendo ataliatali ayi, koma maenje, mahampu ndi kamsewu kafumbi kofika pakhomo, zimene njingayi imazipeputsa tsiku lililonse mpaka munthu amafika kuntchito msana uli bwino ndi mtima uli m'malo. Roadster ndingailangize kwa munthu wamfupi, kwa amene akuyamba kumene kuyendetsa njinga yaikulu, ndi kwa amene njira yake yonse ndi phula losamalidwa bwino. Kwa anthu amenewa CB500F ndi yotsika mtengo, yosavuta kuigwira, ndipo sadzamva kuti anaphonya kanthu.

Popeza njinga zambiri zoterezi zimafika kuno zitagwirapo kale ntchito, chaka chimene inapangidwa n'chofunika kuchiyang'anitsitsa. CB500X ya pakati pa 2013 ndi 2018 ili ndi tayala la kutsogolo la mainchi 17 ngati roadster, ndipo chishalo chake chili mamilimita 810. Imathandiza wamfupi, koma gawo lalikulu la ubwino umene ndautamanda pa maenje palibe. Mu 2022 njinga zonse ziwiri zinalandira ma shock atsopano a kutsogolo a kampani ya Showa ndi madisiki awiri a mabuleki kutsogolo m'malo mwa imodzi, ndipo mu 2024 maina anasintha, CB500X inakhala NX500 pomwe CB500F inakhala CB500 Hornet. Oitanitsa kuchokera ku Japan adzapeza kwambiri Honda 400X, yomwe ndi njinga yomweyi koma ya injini ya 399cc yopangidwira malamulo a ziphaso a dzikolo, ndipo nayonso inalandira tayala la mainchi 19 mu 2019. Kumbukiraninso kuti chiphaso choyendetsera njinga yamoto cha A1 chimalekezera pa 125cc, ndiye njinga zonsezi zimafuna chiphaso cha A.

Pokaona njinga yogulitsidwa, werengani nambala imene yalembedwa m'mbali mwa tayala la kutsogolo kuti muone ngati ndi la mainchi 19 kapena 17, m'malo mongokhulupirira chaka chimene wogulitsa wanena. Kwezani kutsogolo n'kuzungulitsa tayalalo pang'onopang'ono kuti muone ngati limu lili ndi popindika, gwadani muyang'ane mapaipi a pansi pa injini ngati anaphwanyidwapo ndi miyala, ndipo pemphani kuti muikhalire itaima pamalo opendekeka, munthu wina atakwera kumbuyo, musanayambe kukambirana za mtengo.